Masamba a Maliro Opanda Mtembo

Anandilanda njinga. Inali yakuda, ya keliyala yokhuthala, imene bambo anga anabwera nayo kuchokera ku Joni asanayambe chifuwa chimene chinawatenga. Sindinabe kanthu. Sindinagunde munthu, ngakhale nkhuku ya munthu. Anandilanda chifukwa cha nthambi ziwiri za mtengo wa mombo.

Sukulu ndinali nditasiya kale. Ndinalekezera Fomu 1 bambo atamwalira, ndipo amene akufuna kundimvera chisoni pa zimenezo asunge chisoni chakecho, ine sindidya chisoni. Pakhomo panatsala amayi, munda wa mbatatesi ndi njingayo. Panalinso achemwali anga ndi amuna awo, alamu anga, amene anabwera pathu kudzakhala pachikamwini. Alamuwo khasu linkawatentha m'manja. Ntchito imene anaikonda inali yovala malaya ofiira, monga ankachitira anyamata a chipani, n'kumaima pachipata cha msika kufunsa anthu makhadi a umembala wa chipanicho.

Mudzi wathu uli m'tsinde mwa phiri la Chongoni. Mbatatesi ndinkakagulitsa ku Chimbiya, kumsewu wa tala, kumene malole opita m'tauni ankaima. Njira ya kumeneko ndinkaidziwa ndi matako, osati ndi maso.

Ukachoka pathu umayamba ndi kukankha, chifukwa chitunda choyamba sichipalasika uli ndi matumba awiri kumbuyo. Ukafika pamwamba umakwera, msewu n'kumatsata m'mphepete mwa nkhalango, mapaini ali ndondondo mbali ina, mbali inayo minda ya chimanga yotsetsereka mpaka kudambo. Miyezi yozizira nkhungu imatsika moti tayala lako lakutsogolo umaliona ngati la mnzako. Zala zimauma pahandulo. Pali kanjira kopatukira kumapanga kuja kuli zithunzi zofiira ndi zoyera zimene anthu akale anajambula pathanthwe. Aphunzitsi anatitengerako tili ku pulayimale, ndipo nthawi zina ndinkapeza galimoto ya azungu itaima pamenepo. Ine ndinkangodutsa. Zithunzi sizigula mbatatesi.

Kuchoka pamenepo dziko limangokwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda wa chimphona. Ukatsetsereka bwino, liwiro limakukweza mpaka theka la chitunda chotsatira, theka linalo ndi la miyendo yako. Umadutsa madimba a kabichi ndi anyezi, tchalitchi chathu cha njerwa zootcha, ndi mlatho wamitengo umene umaguguda ngati ng'oma. Masiku opanda nkhungu, ukaima pachitunda chomaliza umaona malata a ku Chimbiya akung'anima patali. Pamenepo ndinkapuma, chifukwa kutsogolo kunali mtsetse waukulu.

Mtsetse umenewo ndi wautali, wamiyala, wokhota kawiri, ndipo umakathera pakamtsinje. Usanafike pakamtsinjepo panali nyumba yamalata ya a tcheyamani a chipani m'dera lathu, mbendera ili pamtengo pabwalo.

Timphira ta mabuleki sitinkapezeka m'sitolo, ndipo tikapezeka sitinkachedwa kutha pamtsetse umenewo. Ndiye aliyense wonyamula katundu ankachita chimodzimodzi. Umaima pamwamba, n'kudula nthambi ya masamba ambiri m'tchire la m'mbali mwa msewu, n'kuimanga ndi chingwe kukeliyala. Ukamatsika nthambi ija imakhwekhwereza pansi, ikukokera njinga m'mbuyo, fumbi lili koboo. Ukafika pansi umamasula n'kuisiya pomwepo. Nthambi sizinkakhalitsa pamsewu. Amayi a m'nyumba za pamenepo ankachita kuzilimbirana, chifukwa zinali nkhuni zobwera zokha pakhomo. Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi alamu anga omwewo, masiku amene ankafunsira achemwali, akundinyengerera kuti ndiziwabwereka njinga.

Tsono aliyense wobadwira kuno amadziwa chimene masamba oyalidwa pamsewu amanena. Mukaona nthambi yaiwisi apa, ina patsogolo, ndiye kuti pakati pakepo pali maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika n'kukankha, wachipewa amavula. Koma nthambi ya buleki inali nthambi ya buleki. Palibe anasokonezapo ziwirizi chiyambire, chifukwa amayi otola nkhuni aja sankapereka mpata.

Tsiku limenelo kunali msonkhano. Kunkabwera bwana wina wa chipani wochokera ku boma. Amayi a midzi yonse, amayi anga omwe, anali atawasonkhanitsa pabwalo la sukulu kuyambira m'mamawa kuti akonzekere nyimbo. Msika unali woti utsekedwa dzuwa likafika pamutu, ndipo wosapezeka pamsonkhano ankadziwa yekha. Ndinalawirira kuti ndigulitse ndi kubwerera nthawi isanakwane. Ndinawonjezera kathumba kena pafelemu. Poona kulemera kwa katunduyo ndinadula nthambi ziwiri, iliyonse ndi chingwe chake.

Zoti a tcheyamani bambo awo anali chigonere, dera lonse linkadziwa. Agogo amenewo anayamba kudwala nthawi yokolola, ndipo ansembe anali atabwera kale kudzawadzoza mafuta.

Ndinayamba kutsika bwinobwino. Pokhota poyamba ndinadutsa. Pokhota pachiwiri tayala lakumbuyo linagunda mwala, ndinangomva chingwe chimodzi kuti thu! Njinga inalumpha ngati yalumidwa ndi njuchi. Ndinafinya mabuleki, zitsulo zinangolira palimu ya tayala. Ndinakanikiza chidendene patayala lakutsogolo mpaka nsapato yanga yamatayala inanunkha kupsa. Nyumba ya a tcheyamani ndinaidutsa osaiona, n'kukaima pafupi ndi kamtsinje. Ndinamasula nthambi yotsalayo, ndinaisiya monga mwa masiku onse, ndinakulunga zingwe pakeliyala n'kumapita. Yodukayo inatsala kumtunda kwa nyumba. Kubwerera kukaitenga? Ndi matumba amenewo, malole akunyamuka? Palibe akanabwerera. Koma tsikulo wotola nkhuni panalibe, amayi onse anali kusukulu.

Ku Chimbiya ndinagulitsa msanga. Ndinagula mchere ndi palafini wa amayi, n'kutembenuka. Ndili m'njira anandiimitsa bambo wina wa ku Kaphuka amene tinkakumana kawirikawiri pamsewu.

"Achimwene, mwamva? Madala aja, bambo awo a tcheyamani, atisiya."

"Liti? Ine ndadutsa pomwepo m'mawa, kunali zii."

"Masamba ali pamsewu. Amayi achoka kusukulu akulira, ndawaona ndi maso angawa."

Ndinamva chisoni, ndisaname. Ndinaganizanso kuti basi msonkhano walephereka, ndikapuma. Nditawoloka kamtsinje ndinaona masamba, ndinatsika njinga, ndinavula chipewa ngati mwana woleredwa bwino. Ndinakankha pang'ono. Kenako ndinaiyang'anitsitsa nthambi ija. Inali ndi kampata kamene ndinasema ndekha ndi chikwanje kuti chingwe chisapulumuke.

Pabwalo la a tcheyamani panali podzaza anthu, koma palibe amene ankalira. Amayi anali atakhala pansi, nsalu za msonkhano zili m'chiuno, maso ali psuu, mitu yowerama. Galimoto ya bwana uja inali itaima pansi pa mbendera.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake, koma ndizinene pano. Munthu woyamba kudutsa anaona nthambi kumtunda, nthambi kumunsi, nyumba ya wodwala pakati. Sanafunse. Anathamangira kusukulu, amayi anasiya nyimbo n'kuuyamba wa kunyumba kuja akulira mokweza. Bwana anafika nthawi yomweyo. Dalaivala wake ataona masamba anachepetsa liwiro, bwanayo anatsika chipewa chili m'manja, n'kukawagwira a tcheyamani ndi manja awiri, amvekere pepani ndi zovutazi. A tcheyamani anali atavala jekete, mbuzi yamphatso ili pachingwe, akudikira kulandira mlendo ndi nyimbo. Agogo aja ali m'nyumba anamva maliro awo omwe, n'kuyamba kukuwa kuti wamwalira ndani.

Kwina anthu akanaseka mpaka kugwa. Pamenepo palibe anayerekeza.

Ndinaganiza zotembenuka, koma wobwerera pamsonkhano amaoneka kuposa wofika. Ndinapitiriza kukankha, ndikuyesa kutchinga keliyala ndi thupi langa. Anyamata a malaya ofiira ankaimitsa aliyense wanjinga. Mmodzi, wamfupi, wa chipsera pamphumi, anali atanyamula nthambi ya kumtunda ija, kachidutswa ka chingwe kakulendewera. Anafika pa ine, anamasula zingwe pakeliyala, anapeza chodukacho. Analumikiza nsonga ziwirizo. Zinagwirizana ngati sizinadukepo.

"Ndi uyu."

Alamu anga anali chapafupi. Anatembenukira kumbali ngati wina wawaitana.

Anandikhazika pansi pakati pa bwalo, njinga ataigwetsera pambali panga, tayala likuzungulirabe. Mchere unatayikira m'dothi. A tcheyamani anaima patsogolo panga. Bwana uja anakhala pampando, magalasi akuda ali kumaso, ndipo ndi iyeyo amene ndinkamuopa, chifukwa sankakalipa.

"Iwe mnyamata," anatero a tcheyamani, "bambo anga akulakwira chiyani kuti uwaike m'manda ali moyo?"

"Sindinayale za maliro, a tcheyamani. Ndi buleki."

"Ndi chiyani?"

"Buleki. Nthambi imakoka njinga potsika. Ina yaduka chingwe, ina ndamasula ndekha."

"Ina kumtunda, ina kumunsi, nyumba yanga pakati. Tsiku la lero. Zangochitika zokha?"

"Zangochitika."

Wachipsera uja anandiomba mbama kumbuyo kwa khutu. "Ukamayankha uziti bambo."

Bwana anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Uli kalasi yanji?"

"Ndinasiya, bwana."

"Unasiya." Anagwedeza mutu ngati wapeza chimene amafuna. "Osiya sukulu inu mumakhala ndi nthawi yambiri yomvera anthu. Ku Chimbiya umacheza ndi ndani? Madalaivala a malole?"

"Ndimangowagulitsa mbatatesi."

"Amakuuza chiyani?"

"Mtengo."

Wina kumbuyo anatsokomola pobisa kuseka. Bwana sanaseke.

"Mwana iwe, ine ndabwera ndi uthenga wa chipani, ndalandiridwa ndi maliro. Amenewa si maliro a madala ali m'nyumbamo. Wina akufuna kunena kuti chipani chafa kuno. Wakutuma ndani?"

Funso limenelo tonse tinkalidziwa. Munthu akafunsidwa kuti wakutuma ndani, chotsatira chinali galimoto, ndipo galimoto imeneyo popita inkanyamula munthu koma pobwera inkabwera yokha. Mphunzitsi wina wa pasukulu yathu anapita choncho, mkazi wake anadikira mpaka anatopa n'kubwerera kwawo. Dalaivala anali atatsegula kale chitseko chakumbuyo.

Ndinayang'ana amuna amene anaima kumpanda ndi njinga zawo. Ndinkawadziwa onse. Ena tinkadula nthambi pamtengo umodzi, tikubwerekana chikwanje.

"Bwana, funsani aliyense wanjinga pano. Tonse timatero."

"Chabwino." Anatembenuka. "Alipo pano amene amamanga mitengo kunjinga?"

Zii. Wina anayamba kukonza belu. Wina anawerama ngati tcheni chagwa. Amenewo sindiwada kwambiri. Amene ndinawaitana kenako ndi amene sindidzawakhululukira.

"Alamu! Nenani inu. Si inu munandiphunzitsa?"

Maso onse anapita pa iwo. Alamu anakonza kolala ya malaya awo.

"Ndi mlamu wako ameneyu?" bwana anawafunsa.

"Ndinakwatira kwawo, bwana, koma za njinga ine sindizidziwa. Mwanayu ndi wamakani kuyambira kale. Ngakhale apongozi amadandaula naye."

Ndinadzuka. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuchita, koma wachipsera anandigwira lamba kumbuyo n'kuyamba kundikokera kugalimoto. Zidendene zanga zinkalemba mizere m'dothi. Ndinaona m'kati mwa galimotoyo: munali tayala, chigubu, ndi malo a munthu mmodzi pansi.

Pamenepo amayi anga anatuluka pakati pa anzawo. Sanaimirire. Anabwera ndi maondo kuchokera pamene anakhala mpaka pamapazi a bwana, akuomba m'manja mwaulemu. Mawu anali atasasa kale polira maliro abodza aja.

"Bwana, mwanayu ndi wanga. Mutu wake ndi wouma, koma womutuma alibe. Womutuma ndine, ndimamutuma mchere, si uwu watayikawu. Njingayi ndi ya malemu bambo ake. Ngati pali mlandu, tengani cha malemu, mundisiyire wamoyoyu."

"Amayi, ayi!"

"Khala chete iwe!" Sanandiyang'ane n'komwe.

Bwana anayang'ana wotchi. Anayang'ana njinga. Inali njinga yabwino, aliyense ankaona, masipoko ake ndinkawakwecha ndi phulusa mpaka kuwala. Kenako anayang'ana a tcheyamani.

"Dera ndi lanu. Mukuti bwanji?"

Ndikuganiza kuti a tcheyamani nawonso sankafuna kuti ku boma kumveke zoti m'dera mwawo muli otumidwa.

"Njinga ikhale pano ngati chikole. Mnyamatayu waitanira bambo anga imfa. Bambo akadzuka, mnyamatayu adzatenge njinga yake. Akapanda kudzuka, bwana, ndidzakutumizirani uthenga."

"Mwamva, mayi?"

"Ndamva, bwana. Zikomo, bwana."

Wachipsera anasiya lamba. Chitseko cha galimoto chinatsekedwa, ine ndili kunja.

Anandilamula kukoka nthambi zija kukaziponya kumtsinje anthu onse akuonerera, kenako kukagwada m'chipinda cha wodwala kukapepesa. M'chipindamo munkanunkha mkodzo ndi mankhwala. Agogo aja anali pamphasa, mafupa okhaokha. Anatsegula diso limodzi.

"Ndiwe wandipha?"

"Pepani, agogo."

"Analira bwanji akazi aja? Ine ndamva mawu ochepa. A kutsidya anabwera?"

"Anabwera, agogo."

"Bodza. Amenewo sangandilire." Anatseka diso. "Choka, ukunditchingira mphepo."

Msonkhano unachitika. Amayi amene ankalira aja anaimba ndi kuvina, amayi anga ali pakati pawo, maondo ali ndi dothi. Ine ndinakhala kutsogolo pamene anandiika, ndikuomba m'manja ena akaomba.

Tinabwerera wapansi ine ndi amayi. Mtsetse uja ukamaukwera ndi miyendo ndi pamene umadziwa kutalika kwake. Titafika pamadimba ndinawatembenukira amayi.

"Mwapereka njinga ya bambo ngati mukupereka nkhuku."

"Ukanakonda ndiyale masamba enieni pakhomo panga?"

"Akanandifunsa n'kundisiya."

"Aphunzitsi aja anawasiya?"

Mawu amenewo anandikwiyitsa koposa.

Alamu anafika dzuwa litapendeka, akuimba likhweru. Anandipeza pakhonde ndikusema mpini.

"Alamu, musandiyang'ane choncho. Lero ndakupulumutsani. Ndikanavomera, bwenzi tonse awiri tili m'galimoto, ndiye achemwali anu akanadya chiyani?"

"Chimene amadya masiku onse. Cha m'munda mwa amayi."

"Mwaona? Pakamwa panupo ndi pamene pakupwetekani."

Achemwali anatulukira n'kuima pakati pathu, mwana ali kumbuyo. Mpini ndinauika pansi.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali m'chifuwa cha nkhalamba ija. Ndikamva kuti lero yakana phala, inenso nsima ndinkaisiya m'mbale. Amayi ankapemphera kolona tsiku lililonse, kupempherera munthu amene sanawapatsepo ngakhale moni wabwino. Ine ndemwe, amene ku Misa ndinkangopita poopa pakamwa pa amayi, ndinayamba kugwada nthawi yaitali. Mbatatesi ndinkasenza pamutu, kathumba kamodzi, kufika ku Chimbiya malole atapita. Yambiri inaolera m'nyumba. Ina tinagulitsa kwa obwera pakhomo pamtengo wachipongwe.

Poopsa panali pokhota pachiwiri paja. Ndikamayandikira ndinkayenda pang'onopang'ono, khutu lili tcheru, maso akufunafuna chobiriwira pamsewu. Tsiku lina ndinaona masamba ndithu. Ndinatsala pang'ono kuponya thumba n'kulowa m'tchire. Anali a nthochi, ogwa pangolo. Kothawira ndinali nditakonza kale: kudula m'nkhalango, kukabisala kumapanga kuja, kenako kulowera malire a Mozambiki. Amayi sindinawauze.

Anzanga anjinga anasiya kudula nthambi pamtsetse umenewo. Ankatsika wapansi, atagwira handulo ndi keliyala, nsapato zikutsetsereka pamiyala. Tikakumana ankandipatsa moni wakutali. Amayi a m'nyumba za pansi paja anayambanso kukwera kuphiri kukatola nkhuni, ndipo wotukwanidwa ndinali ine.

Njingayo sinakhale m'nyumba ngati chikole. Posakhalitsa ndinaiona pamsewu, alamu anga ali pachishalo, chikwama cha makhadi chili pakeliyala. Anaiikira timphira tatsopano ta mabuleki. Kwa a malaya ofiira timphirato tinkapezeka. Akaweruka ankabwera nayo kwathu n'kuitsamiritsa pakhoma la nyumba ya amayi.

"Ndi ya ntchito imeneyo, alamu. Kuyang'ana yang'anani, koma osaikhudza."

Tcheni chinkalira chifukwa chosathira oyilo. Ndinkachimva akadali kuchitunda.

Mvula yoyamba itagwa, agogo aja anadzuka. Palibe anayembekezera. Lamulungu lina tinangoona akulowa m'tchalitchi ndi ndodo, akukankha anthu kuti awapatse malo kutsogolo. Amayi anandifinya dzanja mpaka kuwawa. Kumbuyo kwathu wina ananong'ona kuti woliridwa ali moyo safa msanga.

M'mawa mwake ndinavala malaya ochapa. Amayi anaima pakhomo.

"Usapite. Galimoto sibweranso, basi, n'zokwanira."

"Anati akadzuka ndikatenge."

"Ananena pamaso pa mlendo. Mlendo anapita."

Ndinawalambalala.

A tcheyamani ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi, agogo aja ali pampando chapambali akuwotha dzuwa. Ndinakhala pansi, ndinapereka moni wonse, ndinafunsa za mvula ndi za mbewu. Kenako ndinanena.

"Ndaona agogo adzuka. Ndabwera kudzatenga njinga."

"Njinga iti?"

"Ya bambo anga. Munati ndi chikole."

Anaika kapu pansi mosafulumira. "Mnyamata, mayi ako anagwada pabwalo pano, anthu onse akuona, n'kunena kuti tengani. Bwana anakanena ku boma kuti mayi wamasiye wa kuno wapereka njinga ngati mphatso yothandizira ntchito ya chipani. Anawaombera m'manja kumeneko. Tsono iwe ukufuna nditumize uthenga kuti banja lanu likuitanitsa mphatso? Kuti mwasintha maganizo pa chipani?"

"Sindinanene zimenezo."

"Ndiye ukunena ziti? Nena bwinobwino ndimve, kuti ndikanene molondola."

Ndinayang'ana agogo aja. Anali akusenda nthochi.

"Mwanayu ndi uja anandipha?" anafunsa. "Waonda bwanji. Akudwala?"

Mawu amene anali pakhosi panga akanatuluka, galimoto ikanabwera ndithu. Ndinawameza, ndipo mpaka pano akundiwawa.

A tcheyamani analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khadi la chipani la chaka chatsopano.

"Tenga. Usalipire. Usamati chipani sichithokoza."

Ndinalandira ndi manja awiri, chifukwa ndi mmene timalandirira.

Patapita masiku ndinayenda wapansi mpaka ku boma, ndinalowa m'sitolo, ndinafunsa mtengo wa njinga ngati imeneyo. Anati K60. Khadi linali 50 tambala. Ngongole yanga imene a tcheyamani ali nayo mpaka lero ndi K59.50.